Tulo ta M'ngalawa pa Nyanja ya Chilwa

Madzi a m'phiri la Mulanje amagawikana panjira ziwiri. Ena, monga a Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi Muloza, amasonkhana mu Ruo, natsikira ku Chiromo kumene amalowa mu Shire, ndipo kuchokera pamenepo ulendo wawo ndi wa ku Zambezi ndi ku nyanja yaikulu yamchere. Koma ena, ndiwo a Phalombe ndi Sombani, amalunjika kumpoto, nadutsa chigwa chachikulu cha nandolo ndi mpendadzuwa, nakathera m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulukamo ngakhale umodzi. Ife amene tinabadwa Phalombe asanapatulidwe kukhala boma palokha m'chaka cha 1998 tinakula tikudziwa kuti dziko la Mulanje lili ndi phiri kumutu ndi nyanja kumiyendo, ndipo ngakhale malire a pa mapu anasunthidwa, matemba a ku Swang'oma sanaleke kufika pa misika ya Chitakale, Nkando ndi Limbuli, ndiponso ana athu sanaleke kutsikira kunyanjako kukafuna ya sopo ndi ya mchere.

Mmodzi wa anawo ndi muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, mmisiri wa matabwa amene anaphunziranso kuwotcherera zitsulo. Iye anakhoma boti laling'ono, namanga kachipinda pakati pake kokwana anthu awiri kugona, polingalira kuti alendo amene amadza kudzakwera phiri, makamaka okonda kuona mbalame, aziwatenga kukagona pamadzi usiku umodzi, kuti mbandakucha uziwapeza ali kale pafupi ndi bango pamene akakowa, atsekwe ndi avuwo ayamba kudzuka. Maganizo amenewa si opanda nzeru, pakuti Chilwa ndiye dambo loyamba m'Malawi kulembedwa m'kaundula wa pangano la Ramsar, loteteza madambo, chifukwa cha unyinji wa mbalame zake za m'madzi. Koma atagonamo yekha m'mwezi wa Okutobala, anakwera kudza kwa ine maso ali psu, podziwa kuti ndinakalambira pa makina a m'fakitale ya tiyi, nati, "Malume, m'kachipinda muja simukugoneka. Ndikatseka zenera ndikusamba thukuta, ndikatsegula udzudzu ukundimaliza. Ndaganiza zoikamo eyakoni. Inu mukuona bwanji?"

Ndisanafike pa yankho langa, ndiyenera kunena kaye za akuluakulu anzanga amene, atamva nkhaniyi potuluka m'tchalitchi, anapukusa mitu nati mwanayu wayamba matama, popeza makolo athu anagona pamadzi mibadwo yosawerengeka popanda makina. Ine sindili nawo pamodzi pa chiweruzo chimenechi. Tulo si chuma cha olemera ayi, koma ndi gawo limene Mlengi anaikira aliyense wokhetsa thukuta, ndipo munthu amene wachezera usiku wonse akutembenuka pamphasa, mutu ukuphwanya, kukhosi kuli gwa, m'mawa mwake sakhala ndi dzanja lokhazikika pa tsigiro kapena mtima woleza kwa mnzake. Ngakhale mneneri Yona, amene anapirira m'mimba mwa chinsomba, anafooka nalakalaka imfa tsiku limene msatsi wake unafota dzuwa n'kumuomba pamutu; nanga ife ndife yani kuti tinyoze mnyamata wofuna kamphepo? Tisaiwalenso kuti ambiri a odzudzulawo analeredwa ndi phiri. N'zoona kuti Okutobala amawotcha ngakhale pa boma la Mulanje, nyenje zikulira m'mitengo tsiku lonse. Koma dzuwa likangolowa, mpweya wozizira wa pamwamba, umene umalemera kuposa wofunda, umatsetsereka m'makwawa nufika pa makonde athu, kotero kuti pofika pakati pa usiku munthu amafunafuna kansalu kofunda. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chimatikuta masiku angapo osaona dzuwa, ndipo amene anagonapo m'nyumba za apaulendo za pamwamba pa phiri, pa Chambe, pa Thuchila kapena pa Sombani, akudziwa kuti nkhawa ya kumeneko ndi nkhuni za pamoto ndi bulangete lachiwiri. Munthu woleredwa chotero aziweruza mofatsa za usiku wa pa Chilwa.

Kutentha kwa pamadzi paja n'kwa mtundu wina. Chilwa ndi nyanja yosazama, yoti m'malo ambiri munthu amakankha bwato ndi nsungwi yofika pansi, ndipo madzi ake ndi amatope. Tsiku lonse amamwa dzuwa, ndipo usiku, pamene mtunda wayamba kupola, iwo amabweza pang'onopang'ono chimene anamwa, pamodzi ndi chinyezi chochuluka. Thupi la munthu limadzipoza lokha thukuta likamauma pakhungu. Koma mpweya ukakhala wokhuta kale madzi, thukuta limangoyenderera osapindula kanthu. Onjezanipo denga la kachipindako, limene muphwa wanga anafolera ndi malata nalipaka utoto wobiriwira woderako chifukwa ndiwo unali pafupi. Onjezaninso anthu awiri ogona m'kati, aliyense akutulutsa kutentha kwa mawati ngati 80 pamodzi ndi chinyezi cha m'kupuma kwake. Pomaliza kochezani botilo m'kati mwa bango ndi njedza, kumene mphepo sifika koma udzudzu ndiye kwawo, ndipo mudzamvetsa chimene chinafiiritsa maso a mnyamatayo.

Makina oziziritsa mpweya, amene muphwa wanga anawatcha eyakoni, sanabadwire tulo ta munthu. Willis Carrier, amene amatchulidwa kuti ndiye anawayamba, anawakonza m'chaka cha 1902 chifukwa cha nyumba ina yosindikizira ku Brooklyn, m'dziko la America, kumene chinyezi chinkatupitsa mapepala, mitundu ya inki n'kumaphonyana pa chithunzi. Ntchito yawo yoyamba inali kuumitsa mpweya, ndipo mpaka lero mbali yaikulu ya mpumulo umene munthu amamva m'chipinda chotero imachokera pa kuchepa kwa chinyezi. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti makinawa salenga kuzizira. M'mapaipi mwake mumazungulira gasi amene, akamasanduka nthunzi kumbali ya m'kati, amameza kutentha kwa m'chipinda, ndipo kompuresa ikamufinya kumbali ya kunja, amakulavula kumeneko. Ndinamuuza muphwa wanga kuti ntchito yake ili ngati ya munthu wokapa madzi m'bwato, amene amatunga m'kati nataya kunja, ndipo ngati bwatolo lili ndi ming'alu adzakapa usiku wonse osaona pouma. Malata otentha, matabwa opyapyala ndi mipata ya pachitseko ndiyo ming'aluyo, ndipo wogula makina asanaimate wagula ntchito yosatha.

Tsono kunja kumene kutenthako kumatayidwa n'kuti? Makina opangidwira m'maboti amakutaya m'madzi: pampu yaing'ono imakoka madzi pansi pa boti kudzera pa bowo lokhala ndi mpopi ndi sefa, niwapititsa m'mapaipi otentha aja, niwalavula m'mbali. Pa madzi oyera monga a ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay njira imeneyi imayenda bwino. Koma pa Chilwa sefa idzadzaza matope, ndere ndi zinyenyeswa za bango usiku usanafike pakati, pampu idzayenda youma, ndipo makina adzazima okha kapena kupsa. Madzi a Chilwa alinso ndi mchere, umene umachuluka nyanja ikamaphwa, ndipo mchere sugwirizana ndi chitsulo. Ndiponso mmisiri aliyense amaganiza kawiri asanaboole boti la matabwa m'munsi mwa mzere wa madzi, pakuti mpopi ukathyoka usiku, anthu ali mtulo, palibe amene adzaone mpaka mphasa itanyowa. Mtundu wina ndi wa pazenera, umene umataya kutentha mu mpweya wa kunja. Umenewu ndi wotsika mtengo, ndipo umapezeka m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre, koma ndi wolemera, umakhala pamwamba pamene boti laling'ono silifuna katundu, ndipo madzi amene umafinya mu mpweya amadontha usiku wonse, oti akapanda kutsogozedwa kunja ndi kapaipi adzaoletsa matabwa.

Pamenepo tinakhala pansi ndi pensulo, pakuti womanga wanzeru amayamba wawerengera mtengo. Makina ochepetsetsa oyenera kachipinda kotere amadya mawati pafupifupi 500, ndipo akayenda maola 8 osapuma, tikachulukitsa mawati ndi maola, tipeza 4,000. Batire lalikulu la mavoti 12, lija limalembedwa 100Ah, limasunga 1,200 pa muyeso womwewo. Koma la asidi silifuna kukhuthulidwa kupyola theka, apo ayi limafa msanga, chotero lililonse lipereka 600 yokha, ndipo pafunika mabatire 7, lililonse lolemera makilogalamu ngati 30, ndiko kunena katundu woposa makilogalamu 200, kulemera kwa amuna atatu, m'boti limene liyenera kuyandama pa madzi ofika m'chiuno. Kachipinda kakamatidwa bwino kompuresa imapumako, ndipo chiwerengerochi chingatsike mpaka theka. Koma ngakhale zitero, chimene chadyedwa usiku chiyenera kubwezedwa masana. Panelo la sola la mawati 300 limakolola ngati 1,500 pa tsiku la dzuwa labwino, ndipo denga la kabotiko silingalandire oposa awiri. Pamwamba pa zonsezi pafunika inveta yamphamvu, chifukwa kompuresa poyamba kuzungulira imakoka moto wochuluka kangapo kuposa umene imadya ikakhazikika.

Vuto limeneli si lachilendo pa madzi a dziko lino. Pamene David Livingstone ndi John Kirk anafika pa Chilwa mu Epulo 1859, anafika wapansi, atasiya sitima yawo yotchedwa Ma Robert pa Shire kwa Chibisa. Ndipo sitimayo inawasautsa ulendo wonse chifukwa cha njala yake ya nkhuni, anthu akutha nthawi yambiri ndi nkhwangwa m'manja kuti injini ipeze chodya. Imene inadza pambuyo pake m'chaka cha 1861, yotchedwa Pioneer, inali yolimba koma yomira kwambiri m'madzi, ndipo inkakhala masabata itatitimira pa mchenga wa mu Shire. Makina alionse amene munthu walowetsa m'ngalawa amafuna chakudya chawo ndi malo awo, ndipo mitsinje ndi nyanja zathu zosazama sizikhululukira katundu wopyola muyeso.

Muphwa wanga atayang'ana manambalawo, anati, "Nanga bwanji kajenereta, malume, konga kamene ometa tsitsi pa Chitakale amalizako magetsi akazima? Ndingokaika kumbuyo kwa boti, basi." Apa ndi pamene ndinaika pensulo pansi, pakuti nkhani inachoka pa ndalama nifika pa moyo. Utsi wa injini ya petulo uli ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide, wopanda fungo, wosaoneka ndi maso, womwe uja umapha banja lagona ndi mbaula yamakala m'nyumba yotseka m'mwezi wa Juni. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino. Munthu ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka kwa miyendo, ndipo mwina angakwawire panja, koma wogona sadzuka kuti amve zizindikirozo, amangopitirira kuchoka m'tulo tina kulowa m'tulo tina. Choopsa koposa n'chakuti usiku umene munthu amafunitsitsa makina oziziritsa, ndiwo usiku wa bata, wopanda kamphepo ngakhale kogwedeza tsamba la bango, ndiwo usiku womwewo umene utsi wa jenereta suchoka; umaunjikana kumbuyo kwa boti, nuyandama pamwamba pa madzi, nulowa m'kachipinda pa mpata uliwonse, ndipo popeza zenera ndi chitseko zatsekedwa kuti kuzizira kusathawe, umene walowa sutulukanso. Akulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope ambiri a makinawa munthu angawapirire, kaya ndi mtengo, kaya kulemera, kaya sefa yotsekeka. Awa okha ndiwo sapiririka. Ndinamuuza kuti, "Mwana wa mlongo wanga, zina zonsezi uchite monga mtima wako ukuuzira, koma jenereta isalire m'boti lako pali munthu wogona. Ndipo ngakhale usakhale nayo, ugule kachipangizo kaja kamalira kakamva mpweya umenewu, ukapachike m'kachipinda, chifukwa injini ya boti ndi mbaula yophikira nazonso zimautulutsa."

Palinso china chimene manambala sachionetsa. Mwini ngalawa sagona monga agonera mlendo wake. Chifukwa chakuti Chilwa ndi yosazama, mphepo ikadzuka mafunde ake amautsidwa msanga, aafupi ndi otsatana, ndipo m'miyezi yotentha yomweyi, pamene chizimalupsa chayandikira, mkuntho umatha kugwa usiku popanda kuchenjeza. Wodziwa nyanja amamva kusintha kwa mphepo m'kulira kwa bango, amamva chingwe cha nangula chikayamba kukhwekhwereza, amamva kupalasa kwa bwato lobwera mumdima ndi kufuula kwa mnzake amene wagwa m'mavuto. Koma wodzitsekera m'bokosi lozizira, kompuresa ikung'ung'uza pamutu pake, wagontha ku zonsezi. Mmodzi yekha ndiye anagona tulo kutsigiro namondwe akuwinduka, ndipo Iye anali ndi ulamuliro wodzudzula mphepo. Otsalafe tiyenera kugona khutu lili kunja.

Ndipo kunjako kuli anthu. Amene sanafikepo pa Chilwa angayese kuti usiku nyanja imakhala yopanda mwini, koma m'kati mwa dambo muli midzi ya zimbowera, tinyumba tomangidwa pamwamba pa udzu woyandama, mmene asodzi amakhala masabata ngakhale miyezi osaponda mtunda, akutchera matchera ndi miono, akuwamba mlamba ndi makumba, akuyanika matemba amene ife timadyera nsima kuno kumtunda, ochepa a ife akufunsa kumene anagona wowagwira. Phokoso limayenda patali pamwamba pa madzi. Jenereta imodzi ingalande tulo ta mudzi wonse wa anthu amene ayenera kudzuka tambala asanalire kukaonjola, ndipo sikoyenera kuti mlendo wa usiku umodzi agule mpumulo wake ndi kusagona kwa eni malo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mbiri imene wasiya imatsalira amene anamubweretsa. Petulo ndi oilo wodontha padoko nayenso alibe kopita, popeza nyanjayi situlutsa madzi ake. Chotayikiramo chimakhala momwemo, pamodzi ndi nsomba ndi madzi amene asodziwo amamwa.

Sindifuna kukometsa moyo wa m'zimbowera, pakuti ndi moyo wowawa. Utsi wa nkhuni umene umathamangitsa udzudzu ndi womwewo umene umawononga chifuwa ndi maso. Malungo ndi likodzo n'zosasowa. Ndipo kumapeto kwa 2015 ndi kuchiyambi kwa 2016 kolera inabuka pakati pa asodzi a Chilwa, kufikira kuti Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi a Médecins Sans Frontières anakawatsata ndi katemera pamadzi pomwepo, ena n'kuwasiyira mlingo wachiwiri kuti adzamwe okha nthawi yake ikakwana, chifukwa kuwapezanso kunali kovuta. Komabe pa nkhani ya kutentha, omanga chimbowera amadziwa chimene muphwa wanga anachidumpha. Denga lawo ndi la udzu wokhuthala, umene sutenga moto wa dzuwa monga malata. Zipupa zawo zimapuma. Ndipo salimbana ndi mphepo koma amaipatsa njira. Nzeru yomweyi tinkaiona m'nyumba za agogo athu zofolera ndi tsekera, zimene masana munkazizira, ndiponso m'nyumba zakale za m'minda ya tiyi, za makonde otambalala ndi madenga aatali, zomangidwa magetsi asanafike. Safunsa anadya phula. Mnyamata womanga chogonamo cha pa Chilwa akadayamba wafunsa amene agonapo zaka.

Pa adani awiri amene muphwa wanga anatchula, kutentha ndi udzudzu, wachiwiriyo ndiye wakupha. Pa mathiriro a Ruo wathu yemweyu, pa chilumba cha pafupi ndi Chiromo, ndi pamene Bishopu Charles Mackenzie anamwalirira pa 31 Januwale 1862, atachoka ku Magomero kukakumana ndi sitima ya Livingstone. Bwato lake linagubuduka panjira, mankhwala natayika m'madzi, ndipo malungo atamugwira panalibe chomuchiza. Anthu a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wa m'madambo, mpaka pamene Ronald Ross anaonetsa m'chaka cha 1897, ali ku India, kuti kachilombo kake kamayenda m'thupi la udzudzu. Mpweya wa usiku unalibe mlandu. Chotero wogona pa dambo safunika kudzitsekera ku mphepo kuti apulumuke. Afunika chotchinga chimene chimaletsa udzudzu koma n'kulola mphepo kudutsa, ndicho neti yonyikidwa m'mankhwala ndi sefa ya waya pa zenera lililonse.

Uphungu wanga tsono unayambira padenga. Ndinati alipake utoto woyera, ndipo pamwamba pake, posiya mpata wa chikhatho kuti mpweya uzidutsa, atambasule denga lachiwiri la lona kapena la mphasa za bango, lotulukira m'mbali kuti zipupa nazo zikhale pamthunzi; m'kati akhome siling'i ya pulayiwudi, ndipo pakati pake ndi malata alongemo chilichonse chopepuka chosalola kutentha kudutsa. Kachipinda kokhala ndi zenera limodzi sikapuma, pakuti mphepo silowa kumene ilibe potulukira. Chotero aboole chitseko chaching'ono padenga chakutsogolo, ndipo chakumbuyo chikhale chotseguka ndi sefa yake. Boti lomangidwa nangula kumutu limatembenuka lokha kuloza kumene mphepo ichokera, ndipo amalinyero a m'maiko otentha amapachika kansalu konga thanga pamwamba pa chitseko cha padengacho, kamene kamagwira ngakhale kamphepo kochepa n'kukatsitsira pa ogona. Telala aliyense wa pa Chitakale angasoke kansalu kotere tsiku limodzi. Ndinatinso asakocheze m'kati mwa bango, koma patali pang'ono, pa madzi otseguka amene ali ndi chotchinga kumbali ya mphepo yaikulu, pakuti kumeneko udzudzu umachepa ndipo mpweya umayenda. Aphikire kunja, azimitse injini dzuwa lisanalowe kuti chitsulo chake chipole, ndipo madzulo athire madzi padenga. Pomaliza ndinatchula kafani ka mavoti 12, kamene sikadya mawati opyola 10, ndiko kunena gawo limodzi mwa magawo 50 a chimene makina aja amadya; tiwiri totere tingazungulire usiku wonse pa batire limodzi, m'mawa n'kutsala moto wotchajira foni.

Iye anamvetsera zonse mwaulemu, koma anati, "Ndamva, malume. Koma pali usiku wina woti mphepo kulibiretu, ndipo alendo ena ndi okalamba kuposa inu. Amenewo fani siwakwana." Sindinamutsutse, chifukwa ananena zoona. Munthu wachikulire, wodwala mtima kapena wa matenda a shuga, thupi lake silipirira kutentha monga la mnyamata, ndipo kwa iye chipinda chozizira chingakhale mankhwala ndithu. Ngati tsono makinawo adzaikidwa, adzaikidwe pambuyo pa zonse zija, pamene ming'alu yamatidwa. Akhale ochepetsetsa, oyendera batire lokha. Ndipo aziyatsidwa maola awiri oyamba a usiku, kuti achotse kutentha kumene matabwa anasunga masana ndi kuumitsa zofunda, kenaka azimitsidwe, mazenera atsegulidwe, fani ndi mphepo ya m'bandakucha zitsirize ntchito. Maola awiri amenewo amadya ngati 1,000, ndipo batire limodzi la lithium la 100Ah, limene silifika theka la kulemera kwa la asidi ndiponso limalola kukhuthulidwa pafupifupi lonse, lingakwanitse. Panelo limodzi lingalidzaze tsiku lotsatira. Mtengo wake ndi waukulu, koma suopseza moyo wa munthu, ndipo sudzutsa wa m'chimbowera choyandikana.

Ndinamukumbutsanso, monga malume ayenera, kuti nyanja imene akuikapo chuma chake imapita ndi kubwera. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa matope ong'ambika, anthu akuyenda wapansi kumene kale ankapalasa. Mvula ya namondwe Freddy mu Marichi 2023 inaidzazanso mpaka kusefukira m'midzi ya m'mphepete. Chitsulo chogulidwa ndi ngongole chimafuna kubwezedwa mwezi ndi mwezi, kaya pali madzi kaya palibe, pamene lona, utoto ndi neti sizisiya munthu m'goli.

Pa za jenereta anandilonjeza pamaso pa amayi ake, ndipo ndikumukhulupirira. Denga walipaka kale loyera, mphasa za bango wazimanga pamwamba, kansalu kogwira mphepo kasokedwa, ndipo akuti kusintha kwake kwamudabwitsa; koma maganizo a eyakoni sanawataye, akusunga ndalama ya batire pang'onopang'ono, ndipo akufuna ayambe waona mmene Okutobala wa chaka chino adzathere. Asodzi ena a m'zimbowera za pafupi ndi pamene amakocheza, amene ali kale ndi timapanelo ta sola totchajira mafoni ndi kulizira wailesi, ataona tifani tija tikuzungulira anamufunsa mtengo wake, ndiponso ngati batire la njinga yamoto lingakwanitse kamodzi. Wawauza kuti lingathe maola angapo, ndipo akapita ku Limbe mwezi wamawa akawagulira, mawaya n'kudzawalumikizira yekha.